Jekeseni ya dzanzi pa opaleshoni ya timabowo: imathandiza mpaka pati?

Funso: Ndine mayi wa zaka 44. Madokotala apeza miyala m'kathumba kanga ka ndulu ndipo andilembera opaleshoni yochotsa kathumbako kudzera m'timabowo ta pamimba, ija amalowetsa kamera. Dokotala anandiuza kuti adzabaya mankhwala ochititsa dzanzi m'timabowomo kuti ululu uchepe. Kodi ndiye kuti ndidzakhala maso? Nanga mankhwalawa amathandizadi? Mng'ono wanga anachitidwa opaleshoni yomweyi, koma chimene chinamusautsa kwambiri linali phewa lakumanja, osati mimba. Ine ndimaopanso majekeseni amphamvu aja, chifukwa nditabereka mwana wachiwiri pa opaleshoni anandibaya pethidine ndipo ndinasanza usiku wonse.

Yankho: Amayi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo: simudzakhala maso. Opaleshoni yochotsa kathumba ka ndulu kudzera m'timabowo imachitika munthu atagonetsedwa kwathunthu, ali ndi chubu pammero, makina akumupumira. Dokotala amayenera kupopera mpweya m'mimba kuti ifufume, apeze mpata woonera ndi wogwirira ntchito, ndipo munthu wamaso sangapume momasuka mimba ikukankha chifuwa chonchi. Mankhwala a dzanzi amene anakuuzaniwo salowa m'malo mwa mankhwala ogonetsa. Amabayidwa inu muli m'tulo, ndipo phindu lake mumalimva mukadzuka.

Mankhwalawa si achilendo kwa inu. Jekeseni imene amabaya m'nkhama asanazule dzino, imene amabaya pamkono asanaike Jadelle kapena Implanon, ya pa mdulidwe ndiponso yosokera mayi amene wang'ambika pobereka, kawirikawiri yonseyi imakhala lignocaine, amene ena amalemba kuti lidocaine. Ngati pa opaleshoni yanu yobereka ija anakubayani pamsana, miyendo n'kufa inu muli maso, n'kutheka kwambiri kuti munalandira mnzake wotchedwa bupivacaine. Onse awiri anapangidwa ku Sweden, lignocaine mu 1943, bupivacaine mu 1957, ndipo onse ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa World Health Organization. Amasiyana pa nthawi. Lignocaine amagwira msanga koma pakatha ola limodzi kapena awiri wazirala. Bupivacaine amachedwerako kugwira koma amakhala maola 4 mpaka 8, nthawi zina kupitirirako. N'chifukwa chake pa opaleshoni ya timabowo timasankha bupivacaine, kapena abale ake atsopano, ropivacaine ndi levobupivacaine, kumene amapezeka.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kosiyana kotheratu ndi ka pethidine uja anakusanzitsani. Ululu umayenda m'minyewa ngati kamphamvu ka magetsi, kuchoka pabala, kudzera kumsana, kukafika ku ubongo. Kuti kamphamvuko kayende, timipata ta pakhoma la minyewa timatseguka n'kulowetsa sodium. Mankhwala a dzanzi amatseka timipatati pamalo pomwe abayidwapo, ndiye uthenga wa ululu sunyamuka n'komwe. Pethidine, morphine ndi tramadol sakhudza bala. Amazungulira thupi lonse m'magazi n'kukafooketsa ululu mu ubongo ndi m'msana, koma pochita zimenezo amadzutsanso malo a mu ubongo oyambitsa mseru, amagonetsa matumbo, amaodzeretsa munthu ndi kuchepetsa kupuma kwake. Jekeseni ya dzanzi ilibe zonsezi, ndipo kwa munthu wa mbiri yanu limenelo ndiye phindu lake lalikulu.

Tsopano, amathandizadi? Zimadalira ululu umene tikukamba, chifukwa wochitidwa opaleshoni imeneyi amamva ululu wa mitundu itatu, ndipo jekeseni ya m'timabowo imagwira bwino mtundu umodzi wokha.

Woyamba ndi wa timabowoto. Kawirikawiri timakhala tinayi: kamodzi pamchombo, ka mamilimita 10 mpaka 12, kolowetserapo kamera; kena m'munsi mwa fupa la pachifuwa; ndi tiwiri ta mamilimita 5 mbali yakumanja, pansi pa nthiti. Pakhungu timaoneka ngati tosayenera n'kukambidwa komwe. Koma chitsulo chilichonse chaboola khungu, mafuta, minofu ndi kachikopa kopyapyala kokuta mkati mwa mimba, ndipo kwa ola lathunthu chakhala chikupendekedwa uku ndi uku. Kabowo kamene kathumba katulukirapo ndi kamene anthu amadandaula nako kwambiri, makamaka ngati miyala inali ikuluikulu mpaka dokotala anakakulitsako. Ululu umenewu ndi wobaya. Umakula mukamatsokomola, mukamaseka kapena mukamadzuka pabedi, ndipo kwa anthu ambiri ndi umene umavuta m'maola oyambirira. Apa ndi pamene jekeseni ya dzanzi imagwira ntchito yake yeniyeni.

Wachiwiri ndi wamkati. Kathumba ka ndulu kamakhala katamatirira kunsi kwa chiwindi, ndipo amakasenda pamenepo ndi kachitsulo kotentha ka magetsi. Pamatsala malo osupuka amene amapweteka molemera, ngati kuphwanya kwa mkati kosaloza bwino pomwe pali vuto. Minyewa yonyamula ululu umenewu siidutsa pakhoma la mimba, kotero jekeseni ya m'timabowo siifikako.

Wachitatu ndi uja wa mng'ono wanu, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa umaopseza anthu kwambiri. Ndaona odwala angapo akuganiza kuti anagwetsedwa pa tebulo, ena akuganiza kuti ndi mtima. Phewalo palibe amene analikhudza. Mpweya umene timapopera m'mimba ndi carbon dioxide. Mpweyawo umatambasula mnofu waukulu wopumira, uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo opaleshoni ikatha pamatsala kampweya kokodwa pakati pa mnofuwo ndi chiwindi. Minyewa ya mnofu umenewu imachokera m'khosi, pa mfundo yachitatu, yachinayi ndi yachisanu ya msana, pamalo pomwenso pamafikira minyewa ya khungu la paphewa. Zili choncho chifukwa mwana akamaumbika m'mimba mwa mayi ake, mnofuwo umayambira cha kukhosi n'kumatsika, ukukoka minyewa yake. Ndiye uthenga ukafika kuchokera pansi pa nthiti, ubongo umauwerenga ngati wachokera paphewa. Ululu umenewu nthawi zambiri sumveka kwambiri maola oyambirira. Umatuluka tsiku lotsatira, munthu akayamba kukhala tsonga ndi kuyenda, mpweya uja utakwera m'mwamba, ndipo umatha wokha pa masiku awiri kapena atatu thupi likamamwa mpweyawo n'kuutulutsira m'mapapo.

Jekeseni ya m'timabowo sichita kanthu pa ululu wa paphewa, ndipo ndi bwino mudziwiretu kuti musadzaganize kuti mankhwala anakanika. Zimene zimauchepetsa zili m'manja mwa anthu a ku thiyeta: kupopa mpweya pa mphamvu yocheperako ngati thupi lanu likulola, kutsuka m'mimba ndi madzi a dripi opaleshoni ikatha, kutulutsa mpweya wonse mosathamanga asanatseke timabowo, ndiponso wogonetsa odwala kudzaza mapapo anu kangapo kuti mnofu uja utsike n'kukankha mpweya wotsalira. Zonsezi sizifuna ndalama ina iliyonse, zimangofuna mphindi ziwiri kapena zitatu za chidwi. Kunyumba, kuyendayenda, kansalu kofunda paphewa ndi mapiritsi amene nditchule kutsogoloku ndi zimene zimathandiza.

Pali njira yachiwiri yogwiritsira ntchito mankhwala a dzanzi imene imayesa kufika kumene jekeseni ya m'timabowo siifika. Dokotala amathira kapena kuwaza mankhwalawo m'kati mwa mimba momwemo, pamalo pamene panali kathumba ndi kunsi kwa mnofu wopumira uja. Maganizo ake ndi omveka: kachikopa kamkati kali ndi minyewa yambiri, ndiye kapatsidwe dzanzi. Vuto lake n'loti mankhwalawo amasakanikirana ndi madzi otsukira, amatsetserekera kumene mimba yapendekera, ndipo kachikopako kamawamwa msanga n'kuwapititsa m'magazi. N'chifukwa chake ena amawathandiza bwino, ena pang'ono chabe.

Kafukufuku akuti chiyani? Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana n'kumuyeza pamodzi, linaunika njira ziwirizi mu 2014 pa opaleshoni yanu yomweyi. Ululu timauyeza pofunsa wodwala kuti atchule nambala kuyambira 0, kutanthauza kuti sakumva kanthu, mpaka 10, ululu woposa wonse. Amene anabayidwa m'timabowo, pakati pa ola la 4 ndi la 8 opaleshoni itatha, anali pansi pa anzawo amene sanabayidwe ndi nambala imodzi ndi kachigawo. Pofika maola 9 mpaka 24 kusiyanako kunali kosakwana theka la nambala. Amene anathiridwa mankhwala m'kati mwa mimba anatsika ndi pafupifupi nambala imodzi m'maola oyambirirawo. Olembawo ananenanso poyera kuti kafukufuku wambiri amene anamuunika anali wa anthu ochepa ndipo sanachitidwe mosamala mokwanira.

Nambala imodzi pa khumi ikumveka yochepa, ndipo sindikubisirani kuti mankhwalawa okha sakwanira. Komabe ine ndimawafuna pa wodwala wanga aliyense. Nambalayo ndi ya pakatikati pa anthu ambiri, ena amapindula kuposa pamenepo. Imabweranso pa nthawi yoyenera, maola aja amene munthu wangodzuka kumene, mutu usanakhazikike, pamene namwino amasankha kubaya pethidine kapena ayi. Kusiyana kwa pakati pa 6 ndi 4 pa nthawi imeneyo ndi kusiyana kwa pakati pa munthu amene akubuula, akuopa kupuma mokoka, ndi munthu amene akupempha madzi akumwa. Wodwala amene wapewa jekeseni imodzi ya pethidine amamwa phala msanga, amadzuka msanga kupita kuchimbudzi yekha, ndipo amatuluka m'chipatala msanga. Mtengo wake ndi wa kabotolo kamodzi kapena tiwiri ta mankhwala. Gulu la madokotala a opaleshoni ndi ogonetsa odwala lotchedwa PROSPECT, limene limalemba malangizo a ululu pa opaleshoni iliyonse payokha, mu 2018 linaika kubaya m'timabowo pakati pa zinthu zoyambirira zoyenera kuchitidwa pa opaleshoni ya ndulu, pamodzi ndi paracetamol, mankhwala a gulu la ibuprofen ndi dexamethasone.

Kabayidwe kake nakonso kali ndi mbali yaikulu. Ndaona jekeseni ikubayidwa mothamanga pansi pa khungu pokha, opaleshoni itatha, aliyense akufuna kuvula magolovesi. Khungu limachita dzanzi ndithu, koma ululu wambiri wa kabowo umachokera pansi, pa minofu ndi pa kachikopa kamkati. Dokotala wosamala amalowetsa singano mpaka pamenepo kamera idakali m'mimba, akuona pa sikirini kachikopako kakutukuka ndi mankhwala, kenako amabaya akubwerera kunja. Timabowo tikulutikulu tiwiri amatipatsa mankhwala ambiri kuposa tating'ono. Madokotala amatsutsanabe ngati ndi bwino kubaya asanacheke kapena atatha. Kwa ine chofunika kwambiri n'chakuti mankhwala afike pansi.

Mwina mumvanso za TAP block, njira ina yobayira mankhwala a dzanzi m'khoma la mimba. Khoma la mimba lili ndi minofu itatu yosanjikizana mbali iliyonse, ndipo minyewa yopita kutsogolo kwa mimba imadutsa pakati pa wachiwiri ndi wachitatu. Mukathira mankhwala okwanira pampata umenewo, amafalikira n'kugwira minyewa ingapo nthawi imodzi, dera lalikulu la pamimba n'kuchita dzanzi. Njirayi inalembedwa koyamba mu 2001 ndi dokotala wina wa ku Ireland, A. N. Rafi, amene ankaipanga pongomva ndi dzanja mmene singano ikudutsira. Mu 2007 Peter Hebbard ndi anzake ku Australia anaonetsa mmene ingachitikire poyang'ana ndi makina a sikani, ndipo pambuyo pake anaonjezera yobaya m'munsi mwa nthiti, imene imayenera timabowo ta kumtunda ngati ta opaleshoni ya ndulu. Kumene kulibe sikani ku thiyeta, dokotala wa opaleshoni angathe kuipanga yekha akuyang'ana ndi kamera kuchokera mkati. TAP imakonda kukhalitsa kuposa jekeseni ya m'timabowo, koma nayonso imagwira khoma lokha, osati ululu wamkati kapena wa paphewa. Pa timabowo tinayi ta ndulu, kubaya m'timabowo mosamala n'kokwanira kwa anthu ambiri. TAP ndimaiganizira kwambiri pa opaleshoni ya matumbo imene pamapeto amacheka kabala kokulirapo kotulutsira chiwalo, kapena kwa munthu amene sangamwe ibuprofen ndipo pethidine samuyanja. Ngati akupatsani mwayi wa TAP musaikane. Ngati kulibe, musaone ngati mwamanidwa chinthu chachikulu.

Ku America kuli mtundu wina wa bupivacaine wokutidwa m'timadontho ta mafuta kuti azituluka pang'onopang'ono, wotchedwa Exparel, umene unavomerezedwa mu 2011. Ndi wodula kwambiri, ndipo kafukufuku wambiri woyerekeza sanaonetse kuti umaposa bupivacaine wamba moonekeratu. Zipatala zina zimaikanso lignocaine m'dripi nthawi ya opaleshoni, koma zimenezo zimafuna pampu yoyeza bwino ndi kuyang'anira mtima, ndipo siziphatikizidwa ndi jekeseni zina za dzanzi nthawi imodzi.

Nkhani ya kusanza ija muinene kwa wogonetsa odwala pa tsiku limene adzabwere kudzakuonani opaleshoni isanachitike, kaya ndi dokotala kapena clinical officer monga zimakhalira m'zipatala zambiri kwathu kuno. Muinene momwe mwandiuzira ine, ndi dzina la mankhwalawo. Pali zinthu zinayi zimene timawerenga poyeza mwayi woti munthu asanze akadzuka: kukhala mkazi, kusasuta fodya, kukhala kuti unasanzapo pa opaleshoni ina kapena umasanza m'galimoto, ndi kulandira mankhwala a gulu la pethidine opaleshoni itatha. Muyeso umenewu anaulemba Christian Apfel ndi anzake mu 1999. Wopanda chilichonse mwa zinayizi mwayi wake ndi pafupifupi 10 pa 100, wa zitatu pafupifupi 60, wa zonse zinayi pafupifupi 80. Ngati simusuta, muli nazo kale zitatu, ndipo chachinayi ndi chokhacho chimene tingasinthe. Apa ndi pamene jekeseni ya dzanzi ikulowera mwachindunji pa nkhani yanu. Wogonetsa akadziwa, adzakupatsaninso mankhwala oletsa kusanza muli m'tulo, kawirikawiri dexamethasone poyamba ndi ondansetron pomaliza. Dexamethasone amachepetsanso kutupa ndi ululu. Ngati muli ndi matenda a shuga munene, chifukwa amakweza shuga kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Chimene ndikufuna mugwiritse kwambiri m'kalata yonseyi ndi ichi. Dzanzi limatha, ndipo limatha pa nthawi yovuta. Tiyerekeze kuti mwalowa ku thiyeta 9 koloko m'mawa. Masana mudzadzuka muli bwino, mwina mpaka kudabwa. Namwino akabweretsa mapiritsi, mtima udzakuuzani kuti musamwe popeza simukumva kupweteka, ndipo ambiri a ife tinakulira m'nyumba zimene munthu samwa mankhwala asanadwale. Ndiye cha m'ma 4 kapena 5 madzulo bupivacaine wayamba kuzirala, dzuwa likulowa, achibale akubwerera kunyumba, anamwino akusinthana, ndipo ululu umafika wonse nthawi imodzi pa thupi lopanda mankhwala ena alionse. Ululu umene wakula kale umavuta kuutsitsa ndi mapiritsi, ndipo mapeto ake ndi jekeseni ya pethidine yomwe mumaithawa ija. Izi ndaziona kambirimbiri, ndipo zimandipweteka chifukwa n'zopeweka. Maola a dzanzi ndi oti mapiritsi alowe m'thupi ululu usanabwere.

Kwa munthu wamkulu woposa makilogalamu 50, wa chiwindi chabwino, mlingo wa paracetamol ndi mapiritsi awiri a 500 mg maola 6 alionse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Ibuprofen, amene ambiri timamutcha Brufen, ndi 400 mg maola 8 alionse mutadya. Muzimwa motsatira wotchi kwa masiku awiri kapena atatu, kaya mukumva kupweteka kapena ayi, kenako muzichepetsa. Mankhwala awiriwa amagwira ntchito m'njira zosiyana, kotero kumwa onse n'kwabwino kuposa kuonjezera umodzi, ndipo ibuprofen ndi amene amafika pa ululu wamkati ndi wa paphewa umene jekeseni ya dzanzi inausiya. Kumbukirani kuti Panado ndi paracetamol yemweyo, ndipo mankhwala ambiri a chimfine a m'golosale ali nayenso, choncho musawaphatikize. Ibuprofen ndi diclofenac ndi a gulu limodzi, samwedwa pamodzi. Ndipo gulu limeneli si la aliyense. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, mtima wofooka, mphumu imene imadzuka mukamwa aspirin, pathupi, kapena mumamwa warfarin, muwauze asanakulembereni. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir nawonso anene, chifukwa tenofovir ndi mankhwala a gululi onse amalemetsa impso, ndiye dokotala ayenera kusankha akudziwa.

Za kuopsa kwa mankhwala a dzanzi ndikuuzani mosabisa. Vuto lake lenileni limabwera akalowa m'magazi ochuluka nthawi imodzi, kaya chifukwa singano yalowa mumtsempha wa magazi kapena mlingo wapitirira. Timipata ta sodium timene amatseka m'minyewa tilinso mu ubongo ndi mumtima. Munthu wamaso amayamba kumva dzanzi m'milomo ndi palilime, m'kamwa mukumveka ngati muli chitsulo, m'makutu mukulira, chizungulire, kenako angathe kunjenjemera ngati wa khunyu, ndipo zikafika poipa mtima umasokonezeka. Bupivacaine ndi amene amaopsa kwambiri pa mtima. Mu 1979 dokotala wa ku America George Albright anachenjeza za anthu amene mtima unaima atabayidwa mankhwala amenewa mwangozi mumtsempha, ndipo chenjezo lake linasintha kagwiritsidwe kake ntchito ndi kulimbikitsa kupangidwa kwa ropivacaine ndi levobupivacaine, amene savuta kwambiri pa mtima. Mu 1998 Guy Weinberg anaonetsa pa makoswe kuti madzi amafuta opatsidwa m'dripi amathandiza kuchotsa poizoni ameneyu, ndipo mu 2006 kunalembedwa za munthu woyamba kupulumutsidwa nawo. Lero madzi amenewo, odziwika kwambiri ndi dzina loti Intralipid, ndi mbali ya chithandizo chovomerezeka cha vutoli.

Zimenezi sizichitikachitika, ndipo chimene chimaziteteza ndi masamu osavuta. Mlingo umawerengedwa potengera kulemera kwa munthu. Bupivacaine sapitirira 2 mg pa kilogalamu iliyonse. Ngati mumalemera makilogalamu 60, malire anu ndi 120 mg. Kabotolo kolembedwa 0.5% kali ndi 5 mg mu ml iliyonse, ndiye malirewo ndi 24 ml, kolembedwa 0.25% kamalola 48 ml. Timabowo tinayi timakwana bwino ndi pafupifupi 20 ml. Chofunika n'chakuti zonse ziwerengedwe pamodzi: ngati dokotala wa opaleshoni wabaya m'timabowo, wathiranso m'mimba, wogonetsa n'kupanganso TAP, malire ake ndi amodzi omwewo, ndipo anthu awiriwa ayenera kuuzana mokweza asanatunge mankhwala. Wobaya amakokanso kaye jekeseni kumbuyo kuti aone ngati simukubwera magazi. Mbali yanu ndi yoonetsetsa kuti mwakwera pa sikelo ndipo kulemera kwanu kwalembedwa m'fayilo, osati kongoyerekeza ndi maso. Munenenso ngati muli ndi matenda a chiwindi, a mtima kapena khunyu.

Anthu ena amati jekeseni ya dzanzi siwayanja chifukwa atabayidwa kozula mano mtima unagunda kwambiri, manja n'kunjenjemera. Kawirikawiri imeneyo imakhala adrenaline imene amasakaniza m'jekeseni ya mano kuti ikhalitse, kapena mantha chabe. Kusayanjana kwenikweni ndi lignocaine kapena bupivacaine, kwa zidzolo, kutupa nkhope ndi kubanika, n'kosowa kwambiri. Komabe ngati zinakuchitikiranipo zilizonse, fotokozani zimene munamva ndipo wogonetsa adzasiyanitsa.

Pali nthawi zina pamene zonse ndafotokozazi zimasintha. Kathumba kakakhala kotupa kwambiri ndi mafinya, opaleshoni imatalika ndipo ululu wamkati umakula. Mankhwala a dzanzi nawo sagwira bwino pa mnofu wotupa, chifukwa malo otero amakhala ndi asidi wambiri amene amalepheretsa mankhwalawo kulowa m'minyewa; ndi chifukwa chomwechi jekeseni imavuta kugwira pa dzino la chotupa. Nthawi zinanso dokotala amaona kuti sakuona bwino njira za ndulu ndipo amasankha kutsegula mimba pansi pa nthiti. Kumeneko ndi kusamala, si kulephera. Zikatero bala limakhala lalikulu ndipo mudzafunika mankhwala amphamvu. Chonde musadzawakane chifukwa cha usiku uja. Morphine wochepa, wopatsidwa pang'onopang'ono pamodzi ndi mankhwala oletsa kusanza, ndi wosiyana kwambiri ndi jekeseni yaikulu ya pethidine ya pathako, ndipo munthu amene akulephera kupuma mokoka kapena kutsokomola chifukwa cha ululu wa pansi pa nthiti ali pa ngozi ya chibayo.

Mwina mukudzifunsa ngati dzanzi lingabise vuto limene lachitika mkati. Silingatero, chifukwa limagwira khoma lokha ndipo pofika usiku woyamba latha. Ululu wa opaleshoni imeneyi uyenera kumatsika tsiku ndi tsiku: tsiku lachiwiri likhale lopepukirapo kuposa loyamba kupatula phewa lija, ndipo pofika lachinayi kapena lachisanu anthu ambiri amakhala akungomwa paracetamol mwa apo ndi apo. Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo ngati ululu wa m'mimba ukukula m'malo motsika, thupi latentha, mukusanza chilichonse, mimba ikutupa ndi kulimba, maso achita chikasu kapena mkodzo wada ngati tiyi, chifukwa zimenezi zingasonyeze kuti ndulu ikudontha kapena mwala watsekereza njira yake. Phewa likamapweteka mowonjezereka pamodzi ndi chizungulire, thukuta lozizira, mtima wothamanga ndi m'manja moyera, umenewo sungakhale mpweya uja, angakhale magazi akutayikira mkati, ndipo musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi ngati mwendo umodzi watupa kapena mwayamba kubanika mwadzidzidzi. Pitani ndi buku lanu la kuchipatala ndi kalata yotulukira, ndipo muuze woyamba kukuonani tsiku limene opaleshoni inachitika ndi mankhwala onse amene mwamwa kuyambira pamenepo.